Matope a m'kapu aja amachokera kuti? Mmene protein skimmer imayeretsera madzi a nsomba

Munthu akamaona koyamba kapu ya sikima, makina oyeretsera madzi a m'thanki ya nsomba za m'madzi amchere, itadzaza sakhulupirira kuti zimenezo zachokera m'thanki yomweyo. Madzi a m'thankimo ali mbee, nsomba zikusambira bwinobwino, makorali, tizamoyo ta m'nyanja ya mchere tomera pamiyala ngati zomera, atambasuka, koma kapu mwachotsayo muli madzi akuda bii, pansi pake matope, m'mbali zomatamata, ndipo fungo lake mukangotsegula chivundikiro limakufikani mpaka kukhosi. Funso limakhala lomwelomwelo, zonsezi zinali kuti? Zinali m'madzi momwemo, zambiri zosungunuka, maso sangazione ndipo siponji singazigwire. Anthu ambiri amagula protein skimmer, ife timangoti sikima, chifukwa chongouzidwa kuti thanki ya madzi amchere siyenda popanda iyo, kenako amalimbana nayo miyezi ndi miyezi, lero yasefukira mawa yasiya kutulutsa thovu, osadziwa chimene chikuchitika mkatimo. Chonsecho nkhani yonse yagona pa kanthu kamodzi kakang'ono kwambiri, khungu la kathovu. Mukamvetsa zimene zimachitika pakhungu limenelo nde kuti mwamvetsa sikima, ndi mavuto ake omwe.

Tiyambe kaye ndi litsiro lenilenilo. Thanki ndi madzi otsekeredwa, chimene chalowa sichituluka chokha. Tsiku lililonse mumathiramo chakudya, china nsomba zimadya china chimagwera kuseri kwa miyala, chimene zadyacho zimachitulutsanso, pakhungu pa nsomba pamachoka zoterera, makorali nawonso amatulutsa zonanda zawo, ndere zimataya timashuga m'madzi, ndiye palinso tizamoyo ting'onoting'ono tomwe timafa osaoneka n'komwe. Zonsezi mabakiteriya amazigwira n'kuyamba kuziphwanya ndipo pamapeto pake pamatuluka amoniya ndi fosifeti. Amoniya ndi poizoni weniweni kwa nsomba, mwayi wake pali mabakiteriya ena okhala pamiyala ndi mumchenga omwe amaisandutsa naitiraiti, enanso n'kusandutsa naitiraitiyo kukhala naitireti. Naitireti siipha msanga koma imaunjikana pang'onopang'ono, ndipo ikakumana ndi fosifeti zimakhala ngati mwathira fetereza, ndere zimaphimba galasi ndi miyala, makorali omwe kwawo kunyanja anazolowera madzi opanda zakudya zambiri zosungunuka amayamba kuda, kukula kumachepa.

Apa mpomwe pali kusiyana kwa sikima ndi fyuluta wamba, ndipo ndimaona kuti ambiri sakuganizira. Siponji kapena kasokosi kosefera kaja kamagwiradi zinyalala, koma zinyalalazo zimakhalabe m'madzi, madzi akudutsa pomwepo usana ndi usiku, zikuwola momwemo mpaka tsiku limene mudzakumbukire kuchapa. Mwangozisamutsa kuchoka pomwe mumaziona kupita pomwe simukuziona. Sikima imazichotseratu m'madzimo n'kuziika m'kapu momwe madzi a m'thanki safikamo, ndipo imatero zisanawole, mabakiteriya asanazisandutse naitireti ndi fosifeti. Chomwe chalowa m'kapu chija chatuluka basi.

Nanga thovu limasankha bwanji litsiro n'kusiya madzi? Taganizirani sopo. Molekyu ya sopo, kachidutswa kake kochepetsetsa, ili ndi mbali ziwiri zosagwirizana, mutu wake umakonda madzi pomwe mchira wake umadana nawo, umafuna mafuta kapena mpweya. Kanthu kotere kakakhala pakati pa madzi sikakhazikika chifukwa mchira uja wazunguliridwa ndi chinthu chomwe sukufuna, nde kakangopeza malo pomwe madzi akumana ndi mpweya kamakakamira pomwepo, mutu m'madzi mchira mumpweya, mbali zonse zakhutira. Litsiro lambiri la m'thanki ndi lotero. Mapuloteni ali ndi zigawo zina zokonda madzi zina zodana nawo, mafuta ochokera m'chakudya chimodzimodzi, ndi zotsalira zambirimbiri za zinthu zowola. Mukamenya choyera cha dzira mpaka kuchita thovu louma lija, ndi zomwezi zikuchitika, mapuloteni akutambasuka n'kukuta kathovu kalikonse mpaka sikangaphulikenso. Ndipo amene anaimapo m'mbali mwa nyanja ya mchere tsiku la mafunde akulu anaona thovu lochuluka litaunjikana pamchenga, nthawi zina lofiirira, losaphwa msanga. Mafunde amenya mpweya m'madzi, zotsalira za ndere ndi zamoyo zina zakakamira pa timathovu, nyanja yazilavulira kumtunda. Sikima ndi gombe lomwelo koma laikidwa m'chubu.

M'thanki yopanda sikima malo okumanirana madzi ndi mpweya ndi pamwamba pokha, ndi chifukwa chake thanki yomwe madzi ake sagwedezeka pamwamba imachita kansalu konyezimira ngati mafuta. Malo amenewo ndi ochepa kwambiri. Ntchito ya sikima ndi kupanga malo ambiri oterowo mkati mwa madzi, ndipo apa masamu ake ndi okoma. Tengani lita imodzi ya mpweya. Ikakhala chithovu chimodzi chachikulu, khungu lake silifika n'komwe gawo limodzi mwa magawo 20 a sikweya mita. Mukaiphwanya kukhala timathovu ta sentimita imodzi khungu lonse limakwana 0.6 ya sikweya mita. Mukaiphwanyanso mpaka timathovu ta milimita imodzi mwapeza masikweya mita 6, ndipo mukafika pa theka la milimita ndi 12. Mpweya ndi womwewo, lita imodzi, koma malo omwe litsiro lingakakamire achuluka kambirimbiri. Palinso phindu lina, kathovu kakang'ono kamakwera pang'onopang'ono kusiyana ndi kakakulu, nde kamakhalitsa m'madzi n'kutola zambiri. Mukayang'ana sikima yogwira bwino thupi lake limaoneka loyera ngati mwathiramo mkaka, simungaone kuseri kwake. Ikamaoneka ngati madzi akuwira, mathovu akuluakulu akuthamangira m'mwamba, dziwani kuti pali chomwe chalakwika.

Titsatire kathovu kamodzi. Pampu yakoka madzi a m'thanki pamodzi ndi mpweya, yawaphwanya n'kuwaponya pansi pa chubu. Masikima ambiri amakono ali ndi kambale kobowolabowola pansipo, ntchito yake kuchepetsa chipwirikiti kuti timathovu tizikwera mwadongosolo osati kumangozungulira n'kugundana. Kathovu kathu kayamba kukwera kali koyera, m'njira mamolekyu aja akukakamira mmodzimmodzi, kenako tinthu tina tosasungunuka monga mabakiteriya, tizidutswa ta chakudya ndi tindere nato tikumatirira pa zomata zomwe zakuta kale. Pofika pamwamba pomwe madzi athera kavala chovala. Kathovu kopanda chovala kakafika pamenepo kamangophulika nthawi yomweyo, koma kovala kaja sikaphulika, kamakhala, ndipo anzake akubwera pansi amakakankhira m'mwamba. Chubu chimayamba kuchepa, kumeneko timati kukhosi, thovu likupanikizana likukwera, madzi omwe ali pakati pa timathovu akutsetsereka kubwerera pansi pomwe litsiro latsalira pakhungu. Timathovu tina timaphulika n'kusiyira anzawo katundu, nde mukamakwera m'khosimo madzi akucheperachepera litsiro likuchulukirachulukira, mpaka thovu lothinana lija limafika pamlomo n'kugwera m'kapu. Madzi otsala amatulukira pansi kubwerera m'thanki. Palibe nsalu yosefera, palibe mankhwala, ndi mpweya ndi madzi basi.

Ine ndimakonda kukhala pansi n'kuyang'ana khosi limenelo pakapita kanthawi nditadyetsa nsomba. Mumaona thovu likuyamba loyera, kenako pamwamba pake pakubwera kamzere kachikasu, kenako likuuma likuchita ngati likupuma, kukwera pang'ono kutsika pang'ono, mpaka kachigamba kofiirira kamapendekera pamlomo n'kugwa. Mukazolowera, khosi limakuuzani za thanki yanu mankhwala oyezera madzi asanakuuzeni.

Anthu osunga nsomba za m'madzi opanda mchere amafunsa kawirikawiri ngati angaike sikima. Kuika mutha kuika koma zotsatira zake sizikhala zofanana, ndipo chifukwa chake ndi khungu lomwe lija. Timathovu tiwiri tikagundana pakati pake pamatsala kamadzi kopyapyala. M'madzi opanda mchere kamadziko kamathawa msanga, khungu limang'ambika, tiwiri tija tasanduka kamodzi kakakulu, kakakuluko kakumananso ndi kena, posakhalitsa zonse zakhala zimathovu zikuluzikulu zothamangira pamwamba. Madzi a m'nyanja ali ndi mchere pafupifupi magalamu 35 pa lita, pa chipangizo choyezera mchere ndi cha m'ma 1.025 kapena 1.026, ndipo mchere wochuluka chonchi umachedwetsa kuphatikizana kwa timathovu, timagundana n'kusiyana tili tating'onobe. Pampu yomweyo yomwe imapanga mkaka uja m'madzi amchere mukaiika m'madzi a kumpopi mudzaona kusiyana ndi maso anu. Pamadamu a nsomba za koi pomwe litsiro limachuluka kwambiri ena amagwiritsa ntchito makina otere ndipo thovu limatulukadi, koma pathanki wamba ya m'nyumba ya madzi opanda mchere kusintha madzi ndi kudzala zomera kumathandiza kuposa.

Za mitundu ya masikima sindichedwapo kwambiri chifukwa yonse ikulimbana ndi funso limodzi, tipange bwanji timathovu tambiri tating'ono. Akale ankagwiritsa ntchito kathabwa kofewa ka limewood kolumikizidwa ku pampu ya mpweya, mpweya ukamadutsa m'timabowo ta mtengowo umatuluka wosalala bwino, vuto kathabwako kamatsekeka ndi kuwola nde kamafuna kusintha pafupipafupi. Ena mwa amenewa madzi ankalowera pamwamba n'kumatsika pomwe thovu likukwera, kuti ziziyenda mosemphana n'kukhudzana nthawi yaitali. Kenako kunabwera venturi, dzinali ndi la Giovanni Battista Venturi wa ku Italy yemwe mu 1797 anafotokoza zomwe zimachitika madzi akamadutsa papaipi yopanikizika: pamalo opapatizapo madzi amathamanga kwambiri, mphamvu yokankha m'mbali imatsika, nde mukaboola kabowo pamenepo mpweya umakokedwa wokha kulowa. Masiku ano ochuluka ndi a needle wheel, venturi imaikidwa pakamwa pa pampu ndipo kawilo ka mkati m'malo mokhala ndi mapiko kali ndi timano tambirimbiri tomwe timadula mpweya ukamadutsa. Magetsi amadya ochepa, phokoso lochepa. Palinso masikima ena otchedwa downdraft ndi Beckett omwe amafuna mapampu amphamvu, amenewo mumawapeza pamathanki akuluakulu. Kwina kusiyana ndi pongoika, ena amakolekedwa kumbuyo kwa thanki, ambiri amakhala mu sampu, kathanki kapansi kobisika m'kabati kaja, ena amaima panja pawokha. Nzeru yonseyi sinayambire ku nsomba ayi, kumigodi akhala akugwiritsa ntchito thovu kulekanitsa miyala ya mtengo wapatali ndi dothi kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ku Broken Hill ku Australia ndi amodzi mwa malo omwe njirayi inakulira.

Chomwe mwini sikima amasintha tsiku ndi tsiku ndi msinkhu wa madzi mkati mwa chubu. Mukatseka pang'ono potulukira madzi, madzi amakwera kufupi ndi khosi, thovu limakhala ndi mtunda waufupi, silipeza nthawi youma, nde m'kapu mumagwa madzi ambiri achikasu chopepuka. Mukatsegula, madzi amatsika, thovu limayenda mtunda wautali likuuma ndipo m'kapu mumagwa zochepa koma zakuda zolimba ngati phala. Anthu amakangana kuti chabwino n'chiti. Ine ndimakonda pakati koma mopendekera konyowa, chifukwa thovu likauma kwambiri litsiro lambiri limangomatirira m'khosi osafika m'kapu, tsiku lina limagwa kubwerera m'madzi. Koma konyowa kuli ndi msampha wake womwe ambiri amaudziwa mochedwa. Madzi omwe akugwa m'kapu ndi amchere. Ngati muli ndi kachipangizo kothira kokha madzi opanda mchere kubwezeretsa omwe auma, sikadziwa kusiyanitsa, kamangoona kuti madzi atsika n'kuthira, nde lita iliyonse yamchere yomwe mwataya ikubwezeretsedwa ndi yopanda mchere, pakapita masabata mchere wa m'thanki watsika inu osadziwa. Muziyeza mchere, makamaka ngati kapu yanu ili ndi kapaipi kotayira m'chigubu.

Tsopano zomwe sikima singachite, chifukwa apa mpomwe anthu amakhumudwa. Amoniya, naitiraiti, naitireti ndi fosifeti zikasungunuka zimakhala bwinobwino m'madzi, zilibe mchira wodana ndi madzi, nde khungu la kathovu silizikopa ngakhale pang'ono. Munthu yemwe naitireti yake yakwera kwambiri akagula sikima yaikulu poganiza kuti itsika mawa, sizitheka, sikima imachepetsa zomwe zikanadzasanduka naitireti mtsogolo osati yomwe ilipo kale. Komanso paja nsomba zimatulutsa amoniya yambiri mwachindunji kudzera m'ziwalo zopumira za m'mbali mwa mutu zija, imeneyo sidutsa n'komwe pa siteji yomwe sikima ingaigwire, ndi ntchito ya mabakiteriya a pamiyala. Thanki yatsopano yomwe mabakiteriya ake sanakhazikike singapulumutsidwe ndi sikima.

Ngakhale pa litsiro losungunuka lenilenilo sikima siitenga lonse. Ken Feldman, katswiri wa kemisitiri wa ku Penn State University ku America yemwenso amasunga makorali, anayeza masikima osiyanasiyana cha m'ma 2009 ndi 2010 pamadzi a m'mathanki enieni, ndipo anapeza kuti amachotsa pafupifupi 20 mpaka 35 peresenti ya litsiro lochokera ku zamoyo lomwe lili m'madzimo, akafika pamenepo amaima ngakhale muwasiye akuyenda. Odula ndi otchipa sanasiyane kwambiri pa mlingo umenewu. Chifukwa chake n'chomveka, zomwe zimakonda khungu la thovu zikatha zotsalazo ndi zomwe sizilifuna, ndiye kaya muwonjezere mpweya wochuluka bwanji sizikwera. Makala apadera aja a activated carbon anapezeka kuti amachotsa gawo lalikulu kuposa pamenepa, ndipo ndi amene amathetsa chikasu cha madzi okalamba. Atapimanso matope a m'kapu anapeza kuti gawo lalikulu silinali mapuloteni n'komwe, munali laimu wambiri wa calcium carbonate ndi tizigoba ta tindere ting'onoting'ono. Nde dzina loti protein skimmer limasocheretsa pang'ono, akatswiri amati foam fractionator, kutanthauza cholekanitsa zinthu pogwiritsa ntchito thovu, ndipo ndi dzina loona kuposa linalo. Ena atamva za 30 peresenti anayamba kunena kuti sikima ndi kutaya ndalama. Ine sindigwirizana nazo. Gawo limenelo likuchotsedwa ola lililonse usana ndi usiku osadikira kuti inu mukumbukire, ndipo lili ndi zomwe zangotuluka kumene m'chakudya zomwe zimawola msanga.

Pali njira ina yochenjera yomwe imapangitsa sikima kuchotsa naitireti ndi fosifeti mozungulira. Mabakiteriya akamachulukana amafuna kaboni, naitirojeni ndi fosiforasi kuti amange matupi awo, ndipo m'thanki nthawi zambiri chomwe chimawaperewera ndi kaboni yosavuta kudya. Nde anthu amathira timadontho ta viniga, vodka kapena shuga, mabakiteriya amaswana, akamaswana akumeza naitireti ndi fosifeti, kenako sikima imatola mabakiteriyawo n'kuwaponya m'kapu. Mukayamba zimenezi kapu imada kwambiri ndipo fungo limawonjezeka. Koma chonde apa musathamange, mukathira zambiri madzi amachita mtambo woyera, mabakiteriya amamaliza okosijeni ndipo nsomba zimatha kufa usiku umodzi. Popanda sikima yogwira bwino njirayi musaiyambe n'komwe.

Izi zatifikitsa pa ntchito ina ya sikima yomwe kwa ine ndi yofunika mofanana ndi kapu ija, kupumitsa madzi. Masikweya mita onse aja a khungu la thovu ndi malonso omwe okosijeni imalowera m'madzi ndipo CO2, mpweya womwe timatulutsa popuma, imalowa kapena kutuluka. Madzi amchere ofunda sasunga okosijeni yambiri ngati madzi ozizira opanda mchere, ndipo usiku magetsi a pathanki akazima ndere ndi makorali zimasiya kupanga okosijeni, zonse zimangopuma pamodzi ndi nsomba ndi mabakiteriya, m'bandakucha ndi nthawi yomwe okosijeni imakhala pansi kwambiri. Sikima imathandiza kwambiri nthawi imeneyo. Koma imalowetsa mpweya womwe yapatsidwa. Panja CO2 ili cha m'ma 420 ppm, kutanthauza magawo 420 pa miliyoni, pomwe m'chipinda chotseka mawindo muli anthu angapo imatha kupitirira 1000, sikima n'kumaipopera yonseyo m'madzi, pH, muyezo womwe umatsika asidi akachuluka m'madzi, n'kutsika kufika 7.8 pomwe ambiri amafuna 8.1 mpaka 8.3 kuti makorali amange mafupa awo mosavuta. Anthu amathamangira mankhwala okweza pH chonsecho vuto ndi mpweya wa m'nyumba. Kungotulutsa kapaipi kokokera mpweya kupita panja, kapena kukadutsitsa m'kabotolo ka soda lime komwe kamameza CO2, kumasintha zinthu. Ndipo pa chifukwa chomwechi musapopere mankhwala a udzudzu, perefyumu kapena kupenta pafupi ndi thanki sikima ikuyenda, zonsezo izimeza n'kuzipereka kwa nsomba. Ena amalowetsanso ozoni, mtundu wina wa okosijeni wamphamvu kwambiri, kudzera mu sikima kuti madzi awale kwambiri, zimagwira koma ozoni ndi yoopsa kuipuma kwa anthu ndi nsomba zomwe, imafuna choyezera komanso makala potulukira madzi ndi mpweya, si ya munthu woyamba kumene.

Mavuto ambiri a sikima mukawayang'ana ndi diso la khungu la thovu amamveka okha. Sikima yatsopano imatha sabata imodzi kapena awiri ikuchita zosadziwika, mwina osatulutsa kanthu mwina kusefukira, chifukwa pulasitiki yake ikadali ndi timafuta ta kufakitale ndipo sinakutidwe ndi kansalu koterera ka mabakiteriya komwe kamathandiza thovu kutsetsereka. Musamangopotokola mabatani ola lililonse, ipatseni nthawi, madzi akhale otsika. Mukaviika dzanja m'thanki kapena kudyetsa chakudya chamafuta thovu limagwa nthawi yomweyo ngati mwazimitsa, chifukwa dontho la mafuta likafika pakhungu la kathovu limafalikira n'kukankha chovala chija, kathovu n'kuphulika. Pakapita ola limodzi kapena angapo limabwerera lokha. Kumbali inayi zinthu zina zimalimbitsa thovu mopitirira, mankhwala okonzera madzi omwe amati amateteza khungu la nsomba, mankhwala ophera ndere zofiira zoterera zija, phula lomatira makorali pamiyala, ngakhale kasokosi kosefera katsopano kosatsukidwa, zonsezi zimatha kudzadzitsa kapu m'mphindi zochepa. Mukamathira zakudya zamadzimadzi za makorali ndi bwino kuzimitsa sikima kwa kanthawi kuti isawalande, koma ikani alamu, kuiwala kuyatsa usiku wonse n'koopsa chifukwa cha okosijeni ija.

Kusefukira komwe kunandiphunzitsa kwambiri kunachitika usiku wina magetsi atazima n'kuyakanso ine ndili mtulo. Magetsi akazima pampu yokweza madzi kuchoka mu sampu kupita m'thanki imaima, madzi a m'mapaipi ndi ena a pamwamba pa thanki amatsikira mu sampu, msinkhu wa madzi mmenemo umakwera. Atayaka sikima inadzuka nthawi imodzi ndi pampu ili yomira kuposa mmene inazolowerera, madzi anakwera mpaka kukhosi n'kulowa m'kapu yomwe inali ndi litsiro la masiku anayi, kapu n'kudzaza, chivundikiro n'kunyamuka, zakuda zonse zija n'kutsikira m'mbali kubwerera mu sampu, zina pansi m'kabati. M'mawa ndinapeza madzi achita chifunga, makorali ofewa atafota, nsomba zikupuma mofulumira pafupi ndi pamwamba. Ndinasintha madzi ambiri tsiku lomwelo n'kuika makala atsopano, mwamwayi palibe inafa, koma zinandipweteka mtima kuziona zikuvutika choncho. Kuyambira pamenepo sikima yanga ili ndi kachipangizo kochedwetsa kuyaka ndi mphindi zingapo kuti madzi a mu sampu ayambe atsika, ndipo imakhala m'chigawo cha sampu chomwe msinkhu wa madzi susintha. Wopanga aliyense amalemba kuya kwa madzi komwe sikima yake imafuna, kusiyana kwa masentimita awiri okha kumatha kusintha zonse, nde ngati sampu ndi yakuya ikani kapulatifomu pansi pake.

Pa kukula kwa sikima, manambala a pabokosi aja musawakhulupirire ndi mtima wonse chifukwa palibe muyezo umodzi womwe makampani onse amatsatira, koma musagwerenso mbali inayo yoganiza kuti yaikulu kwambiri ndiye yabwino. Khosi lalikulu limafuna thovu lambiri lokhazikika kuti lidzaze. Mukaika sikima ya thanki ya malita 1000 pathanki ya malita 200 yokhala ndi nsomba zinayi, imachotsa zomwe zilipo tsiku limodzi kenako imangokhala, thovu likuphulikira m'munsi, masiku angapo kapu ili gwa, mwini wake n'kumaganiza kuti yawonongeka n'kukweza madzi, akadyetsa kwambiri tsiku lina n'kusefukira. Chofunika kuyang'ana ndi kuchuluka kwa nsomba ndi chakudya chomwe mumathira, osati malita okha.

Nanga n'zoona kuti thanki iliyonse yamchere imafuna sikima? Ayi. Kathanki ka malita 40 kapena 60 kokhala ndi nsomba ziwiri, kusintha madzi pang'ono sabata iliyonse kumakwanira. Ena amadalira kulima ndere zikuluzikulu mu sampu n'kumazidula. Kutchuka kwa sikima kunabwera kwambiri ndi njira yomwe imatchedwa Berlin, yomwe osunga makorali a mumzinda wa Berlin ku Germany anaikulitsa cha m'ma 1970: miyala yamoyo yochokera m'nyanja, yokhala kale ndi mabakiteriya ndi tizamoyo tina, kuwala kwamphamvu, madzi oyenda bwino ndi sikima yamphamvu, ndipo ndi njira imeneyi yomwe inathandiza kuti makorali olimba ayambe kukula m'nyumba za anthu. Masiku ano zipangizo zafika pamphamvu moti ena akukumana ndi vuto losiyana, madzi oyera mopitirira, naitireti ziro fosifeti ziro, makorali n'kuyamba kutuwa ndi njala, nthawi zambiri n'kubukanso tizilombo tofiirira tonanda totchedwa dinoflagellates tomwe timavuta kwambiri kuthetsa. Zikafika apo ena amazimitsa sikima maola angapo patsiku kapena kuwonjezera chakudya. Thanki yokhala ndi nsomba zambiri zodya kwambiri, kapena yomwe mwini wake amachokapo masiku angapo, imeneyo ine sindingaiyendetse popanda sikima.

Chisamaliro chake n'chochepa koma sichifuna kuzengereza. Kapu muzitaya masiku awiri kapena atatu alionse ngakhale isanadzaze, ndipo potaya musaiwale khosi, chifukwa matope omwe amamatirira mkati mwa khosi ali ndi mafuta ndipo amaphulitsa thovu lisanafike pamwamba, sikima ya khosi lakuda imagwira ntchito mofooka ngakhale pampu ili bwinobwino. Tsukani ndi madzi ofunda ndi kaburashi kofewa, sopo ayi. Malo ena obisika ndi pomwe kapaipi ka mpweya kamakumana ndi madzi pa venturi paja, pamenepo timadzi timauma n'kusiya mchere ndi laimu, kabowo kamachepa pang'onopang'ono, mpweya umalowa wochepa ndipo madzi mkati mwa chubu amayamba kukwera okha inu musanakhudze chilichonse. Mukaona choncho lolani kapaipiko kakoke kapu ya madzi ofunda opanda mchere kuti asungunule mcherewo. Pakapita miyezi ingapo masulani pampu yonse, viikani kawilo ka timano kaja ndi venturi mu viniga wosakaniza ndi madzi kwa maola angapo, chotsani tizigoba ta nkhono ndi timiyala tomwe timakonda kukodwa pakati pa timanoto, tsukuluzani bwino n'kubwezeretsa. Tsiku loyamba mukatsuka chonchi thovu limatha kuchedwa kubwera, tsitsani madzi pang'ono musanakagone, mudzakweze mawa lake mukaona kuti lakhazikika.